Mwini Sukulu, Tionetseni Buku la Ndalama



Nkhani imene tifuna kukamba nanu mwezi uno si ya kutali ayi. Palibe msika waukulu masiku ano umene ulibe sukulu ya munthu pafupi pake, ya chikwangwani chopaka utoto wowala ndi dzina lalitali la Chingerezi. Ena azitcha sukulu za pulayiveti, ena azitcha sukulu zoima pazokha. Dzina lachiwirili litiseketsa pang'ono, pakuti sukulu zimenezi siziima pazokha konse. Ziima pa fodya wathu, pa soya ndi mtedza wathu, ndi pa mbuzi zija tigulitsa motchipa sabata lotsegulira teremu. Tsono popeza ziima pa ife, tiri nacho chifukwa cha kufunsa m'mene ndalama zake ziyendera.

Mawu athu ndi awa: sukulu yotere kawirikawiri siigwa chifukwa cha kusowa ana, kapena chifukwa aphunzitsi ake ndi mbuli. Igwa chifukwa mwini wake sanakhale pansi chaka chisanayambe, kulemba papepala ndalama zimene zidzalowa ndi zimene zidzatuluka. Ndipo ikagwa, mwini wake atsala ndi nyumba zake ndi malata ake, koma mwana wathu atsala ndi chaka chotayika chimene palibe munthu angam'bwezere.

Asatimve molakwa wina, nati ife tidana ndi sukulu za anthu. Iyayi. Kumanga sukulu ndi manja athu ndi mwambo wakale ndi waulemu m'dziko muno. John Chilembwe anayamba nchito yake pa Mbombwe ku Chiradzulu m'chaka cha 1900, Boma la Atsamunda lisanaike ngakhale kobiri limodzi pa maphunziro. Pakuti thandizo lake loyamba linadza mu 1907, ndipo linali mapaundi 1,000 okha ogawana mamishoni. Hanock Msokera Phiri ku Kasungu ndi Charles Chinula ku Mzimba anatsegulanso sukulu zao m'zaka za pambuyo pake. Sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ya ku Dedza mu 1951. Kotero makolo athu anadziwa bwino lomwe kuwawa kwa mwana wanzeru wosowa kopita. M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni. Ana amenewo atafika Sitandade 8, malo a ku Fomu 1 sanakwane, ngakhale Boma linasandutsa malo a maphunziro a m'makalata kukhala ma CDSS. Ana ochuluka okhoza mayeso anatsala osasankhidwa. Mpata umenewo ndiwo unadzazidwa ndi sukulu za anthu, ndipo m'midzi yambiri mwana amene lero ali namwino kapena mphunzitsi anadzera momwemo. Sukulu zimenezi tizifuna. Chifukwa chake tifuna kuti zisamagwe.

Koma tidziwanso kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2009 Unduna wa Maphunziro unatseka sukulu zotere mazanamazana chifukwa cha kusalongosoka kwake, ndipo makolo ambiri anadzidzimuka ali kufunafuna kwina kotumiza ana ao. Zimbudzi zosakwanira, aphunzitsi osaphunzira nchito yao, makalasi a m'nyumba zimene kale zinali sitolo kapena mowera mowa: zonsezi munthu akazitsata bwino apeza kuti muzu wake uli pa ndalama. Chimbudzi sichikumbidwa pamene palibe anachiwerengera mtengo wake.

Chimene a m'maofesi atcha bajeti si chinthu chachilendo kwa ife. Mayi aliyense wa m'mudzi achidziwa. Akakolola ayang'ana nkhokwe, nawerenga pakamwa pamene pali pakhomo, naona ngati chimanga chidzafika mu Malichi. Ngati sichidzafika, adziwiratu mu Juni kuti mowa wa masese chaka chino kulibe. Bajeti ya sukulu ndi yomweyo, kungoti ilembedwa m'buku. Tiyeni tiyerekeze sukulu imodzi, yosakhala ya munthu aliyense, kuti tione masamu ake pamodzi.

Tinene kuti sukuluyo iri ndi ana 200 m'kaundula, oyendera, ndipo fizi yake ndi K60,000 pa teremu. Mwini sukulu, amene masiku ano akonda kutchedwa a dayilekitala, achulukitsa msanga m'mutu mwake: K12,000,000 pa teremu, K36,000,000 pa chaka. Mtima wake udumpha. Koma ndani wa ife sadziwa kuti ana 200 a m'kaundula si ana 200 olipira? Wina bambo wake amwalira m'kati mwa chaka, wina akwatiwa, wina alipira theka nathawira ku sukulu ina, wina ndi mwana wa mlamu wake wa mwini sukulu amene palibe angayerekeze kum'bweza. Tinene kuti olipira mokwana ndi 170. Pamenepo ndalama yeniyeni ndi K10,200,000 pa teremu, K30,600,000 pa chaka. Kusiyana kwake ndi K5,400,000, ndalama imene iri m'mutu mokha, m'thumba mulibe. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Bajeti yoona iwerenga fodya wa pamphuno.

Tsopano zotuluka. Aphunzitsi 8, aliyense K200,000 pa mwezi, ndiyo K1,600,000. Alonda awiri ndi kalaliki, onse pamodzi K400,000. Malipiro onse K2,000,000 pa mwezi. Apa ndipo pagona msampha umene ugwira eni sukulu ambiri: fizi ilowa katatu pa chaka, koma malipiro atuluka kakhumi ndi kawiri. Mphunzitsi adya mu Ogasiti monga adya mu Okutobala, ndipo mwini nyumba imene achita lendi samva zakuti sukulu iri pa holide. Kotero malipiro a chaka ndi K24,000,000. Lamulo la penshoni limene linadza mu 2011 linaika kuti bwana azionjeza K10 pa K100 iliyonse ya malipiro a wanchito wake, wanchitoyo naika K5. Gawo la bwana pano ndi K2,400,000. Zonse pamodzi K26,400,000. Chotsani pa K30,600,000 paja: zitsala K4,200,000 pa chaka chonse, ndiyo K350,000 pa mwezi. M'menemo mugulidwe choko, mapepala a mayeso, mabuku, mankhwala a sayansi, mukonzedwe mjigo ndi madesiki, ndiponso mwini sukulu apezemo phindu lake.

Taonani tsono. Munthu uja anawerenga ana 200 aganiza kuti watsala ndi K9,600,000. Agula minibasi yakale mu Okutobala, kapena ayamba maziko a hositelo ya atsikana. Pofika Febuluwale aphunzitsi alikuuzidwa kuti adikire. Munthuyo mwina si mbala konse. Wangodya ndalama imene panalibe.

Masamu amenewa atiphunzitsanso kanthu kena kamene ife makolo sitikonda kumva, kakuti sukulu ya kumudzi ya fizi yotsika si mgodi wa golide. Pamene tiona mwini sukulu ali kulemera msanga pa fizi yotere, tidziwe kuti pali wina amene sali kulandira zake: kapena aphunzitsi alipidwa mochepa ndi mochedwa, kapena penshoni yao ndi msonkho wao zidulidwa pa malipiro koma osatumizidwa kumene ziyenera kupita, kapena ana 90 apanikizidwa m'chipinda cha ana 45. Ndipo mphunzitsi wosalipidwa sakhala. Achoka m'kati mwa teremu, pamalo pake nabwera mnyamata amene walemba MSCE chaka chatha, kudzaphunzitsa Fomu 4 masamu amene iye mwini anangowakhoza mwa mwayi. Kholo liona zimenezi mochedwa, zotsatira za mayeso zitatuluka.

Matenda aakulu koposa onse ndiwo thumba limodzi. Mwini sukulu ali ndi chigayo, ali ndi golosale, ali ndi munda wa fodya, ali ndi maliro ndi maukwati a pa mtundu wake. Ndipo ndalama za zonsezi zilowa ndi kutuluka m'thumba limodzi la jekete lake. Fizi yolandiridwa m'mawa igula dizilo wa chigayo madzulo. Iye ati ndabwereka chabe, ndidzabweza fodya akagulidwa. Mwina abwezadi, mwina ayi. Iye mwini sadziwa, pakuti sanalembe. Mankhwala ake ndi apafupi, ngakhale ndi owawa kumwa. Sukulu ikhale ndi akaunti yakeyake ku banki kapena ku SACCO, m'dzina la sukulu. Fizi ilowe kumeneko, ndipo ngati banki iri kutali, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolipirirapo ikhale ya sukulu, osati ya mkazi wa mwini sukulu. Kholo lililonse lilandire lisiti ya nambala, yotsala ndi inzake m'buku. Ndipo mwini sukulu adzilembere malipiro ake a pa mwezi monga wanchito wina aliyense, nadikira kutha kwa chaka kuti aone ngati phindu liripo. Munthu amene adziika pa malipiro aleka kuba m'nkhokwe yake yomwe.

Pali chinthu china chimene wolemba bajeti wa mu mzinda sangachione msanga, koma ife a kumudzi tichidziwa ndi mimba zathu. Chaka cha sukulu ndi chaka cha mlimi siziyenda pamodzi. Teremu yoyamba itsegulidwa mu Seputembala, pamene kholo lirikusunga kandalama ka feteleza ndi mbeu; fizi ndi feteleza zilimbana, ndipo kawirikawiri feteleza apambana, pakuti mvula siidikira. Teremu yachiwiri itsegulidwa mu Januwale, m'kati mwenimweni mwa njala, pamene anthu alikupita ku ganyu kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Teremu yachitatu itsegulidwa cha mu Epulo, mbeu zikali m'munda kapena pa mkeka, misika ya fodya ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu itangoyamba kumene. Ndalama zichuluka m'mudzi kuyambira Meyi kufika Ogasiti, ndiyo nthawi imene sukulu iri pafupi kutseka kapena yatseka kale. Kodi si chodabwitsa? Sukulu ipempha ndalama pamene tiribe, nikhala chete pamene tiri nazo.

Mwini sukulu wanzeru akonza bajeti yake motsata chaka cha mlimi. Adziwiratu kuti teremu ya Januwale idzakhala yoonda, nasunga za mu Seputembala kuti zithandize. Alola kholo kulipira fizi ya chaka chotsatira pa nthawi yogulitsa mbeu, mwina nalichotserako pang'ono pa mtengo chifukwa cha kulipiriratu. Alolanso kulipira pang'onopang'ono pa masiku ogwirizana, m'malo mobweza mwana pa geti sabata lachitatu la teremu, kum'tayitsa maphunziro amene kholo lidzawalipirabe. Koma chenjerani, abale: kulipiriratu ndi kwabwino pokhapokha pamene ndalamazo zikagona ku banki m'dzina la sukulu. Kupereka fizi ya chaka chathunthu kwa munthu wa thumba limodzi ndiko kusungitsa mbuzi kwa fisi.

Pa sukulu zogonera pompo nkhani ya nyengo ikula koposa, chifukwa cha chimanga. Tiyerekeze ana 100 ogonera, aliyense thumba limodzi la makilogalamu 50 pa teremu: matumba 300 pa chaka, osawerenga nyemba, mafuta, mchere ndi nkhuni. Palibe wa ife amene ayenera kuuzidwa kuti chimanga chitsika mtengo mu Meyi ndi Juni, nichikwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Sukulu imene igula chimanga cha chaka chonse pa nthawi yokolola, nichithira mankhwala a anankafumbwe kapena kuchisunga m'matumba osalowa mpweya, yapulumutsa ndalama zambiri isanaphunzitse ndi tsiku limodzi lomwe. Imene igula thumba ndi thumba kwa mavenda mwezi wa njala ndiyo ija timva kuti ana alikudya kamodzi pa tsiku, kenaka aphwanya mawindo, kenaka abwezedwa kwao. Anthu ati ana a masiku ano ndi amwano. Mwano ulipo, inde, koma kawirikawiri mwanowo unayamba mu Juni, pamene munthu wina sanagule chimanga.

Pomwepa pali njira imene ithandiza mbali zonse ziwiri, ndiyo kulandira fizi ya mbeu. Kholo limene liribe ndalama koma liri ndi chimanga kapena nyemba libweretse, sukulu nayo ipeze chakudya popanda kulipira galimoto. Chofunika ndi chakuti mtengo wa kilogalamu ugwirizanidwe ndi komiti ya makolo poyera, sikelo ikhale yoona, osati ya mavenda ija idya makilogalamu awiri pa thumba, ndipo lisiti ilembe kulemera kwake ndi mtengo wake.

Ndiye pali zakugwa mwadzidzidzi, zimene m'zaka zapitazi zatiphunzitsa mokwana. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo sizinayambe kutsegulidwa kufikira Seputembala, miyezi yoposa isanu. Aphunzitsi a Boma analandirabe malipiro ao. A m'sukulu za anthu ambiri anakhala miyezi osaona kanthu, ena nasiyiratu uphunzitsi. Mu Januwale 2023 kolera anachedwetsa kutsegulira m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anatseketsa sukulu m'chigawo cha kumwera, nagwetsa zina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, teremu iri m'kati, fizi itaikidwa kale. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa amene Boma lilola anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi. Palibe mwini sukulu akadadziwa tsiku la chilichonse cha zimenezi. Koma kuti china chake chidzagwa, aliyense ayenera kudziwa. Sukulu yathu yoyerekeza ija ikamapatula K5 pa K100 iliyonse yolowa, isunga K1,530,000 pa chaka, ndipo m'zaka ziwiri iri ndi zoposa malipiro a mwezi wathunthu. Ndi zochepa, koma ndizo zisiyanitsa sukulu yopirira ndi sukulu imene mwini wake athamangira kwa a katapila kukabwereka malipiro a aphunzitsi. Sukulu ikalowa m'katapila, fizi ya teremu yamawa yadyedwa kale ana asanafike.

Za kukwera kwa fizi tinene mwachidule. Ife sitinena kuti fizi isakwere. Choko ndi mapepala zikakwera, fizi idzakwera. Chimene tikana ndicho kalata yopatsira mwana tsiku lotsekera, yonena kuti teremu yamawa mubwere ndi zakutizakuti, popanda chifukwa cholembedwa. Kholo liuzidwe teremu yathunthu isanafike nthawi, lionetsedwe chimene chakwera ndi m'mene chakwerera. Chimodzimodzi ndalama ya chitukuko: ikasonkhedwa chifukwa cha laibulale, ikhale padera, ndipo matumba a simenti ndi malata ziwerengedwe pamaso pa komiti. Tatopa nazo nyumba zimene zisonkhetsedwa zaka zisanu zikali pa windo.

Ndalama imodzi yokha ndiyo tifuna kuinenera mwaukali, ndiyo ya mayeso. Ndalama ya mayeso a JCE ndi MSCE si ya sukulu. Ndi ya MANEB, ndipo sukulu ingodutsitsa. Dziko lino lamva kangapo za ana amene anafika tsiku la mayeso napeza kuti maina ao kulibe, chifukwa wina anabwereka ndalama zao. Palibe kuba koipa koposa kumeneku, pakuti kuba zaka zinayi za mwana ndi thukuta lonse la makolo ake. Masiku ano MANEB inakonza njira yolipira kudzera ku banki ndi pa foni. Gwiritsani nchito njira imeneyo, sungani umboni wake, ndipo mwana aone dzina lake ndi maphunziro ake pa mndandanda wa olemba mayeso nthawi yokonza zolakwa isanathe. Funsaninso ngati sukuluyo iri ndi nambala yake ya senta, kapena ana ake akalembera kwina, ndipo ngati ndi kwina, ndani alipira ulendo.

Tidziwa chimene eni sukulu ena adzayankha. Adzati: sukuluyi ndi yanga, ndinamanga ndi ndalama zanga, monga mnzanga anamanga golosale, kodi ndani afunsa mwini golosale kuti aonetse mabuku ake? Funsoli ndi labwino ndipo liyenera yankho labwino. Ku golosale munthu apereka ndalama natenga sopo wake nthawi yomweyo. Sopo akakhala woipa, mawa agula kwina, ndipo watayapo sopo mmodzi. Ku sukulu kholo lipereka ndalama poyamba, katundu nalandira pang'onopang'ono kwa miyezi itatu, ndipo ubwino wa katunduyo udziwika patapita zaka zinayi. Kholo lirikukongoza sukulu teremu iliyonse. Ndipo wokongoza aliyense, ngakhale banki, afunsa kuona mabuku asanapereke ndalama. Ndiponso Boma lomwe silinayese sukulu ngati golosale: lamulo la maphunziro la mu 2013 lifuna kuti sukulu ya munthu ilembetsedwe ku Unduna, ndipo Unduna uli ndi mphamvu yoiyendera ndi kuitseka.

Sitipempha kuti mwini sukulu atiuze za m'nyumba mwake, kapena kuti asapeze phindu. Munthu amene anaika chuma chake pa sukulu m'malo mwa bala ayenera kudyapo, ndipo tim'lemekeza. Tipempha pepala limodzi lokha, kawiri pa chaka. Loyamba chaka chisanayambe: ana amene ayembekezeka, fizi, malipiro onse pamodzi, chakudya, zipangizo, zomanga, zosunga. Lachiwiri chaka chitatha: zimene zinalowadi ndi zimene zinatulukadi. Liwerengedwe pa msonkhano wa makolo m'Chichewa, osati m'Chingerezi chothamanga chimene cholinga chake ndi kutigonetsa tulo. Ndipo tinene kwa eni sukulu kuti pepalali liwathandiza iwo omwe. Kholo limene laona ndi maso ake kuti pa K10,200,000 ya teremu, K8,800,000 ipita ku malipiro ndi penshoni za miyezi inayi, lileka kunena kumowa kuti a dayilekitala alikudya ndalama zathu, ndipo limvetsa chifukwa chake kuchedwa kwake kulipira kugoneka mphunzitsi ndi njala. Mabungwe a eni sukulu, monga ISAMA ndi PRISAM, akadachita bwino kuphunzitsa mamembala ao a kumidzi kalembedwe ka pepala limeneli, pakuti ambiri sakana mwadala, sanaphunzirepo.

Tsopano titembenukire kwa ife eni, pakuti bajeti ya sukulu siingaime ngati bajeti ya pakhomo yagwa. Ulipo mkhalidwe woipa pakati pathu wosamutsa mwana chaka ndi chaka, kusiya ngongole pa sukulu iyi, kukayamba ina pa sukulu iyo. Kholo liganiza kuti lachenjera. Koma ana 30 aja osalipira m'masamu athu ndi omwewa, ndipo ngongole yao isenzedwa ndi makolo 170 olipira, ndi mphunzitsi amene alandira mochedwa. Mwanayonso sapindula, pakuti afika Fomu 4 atadumpha mitu ya maphunziro pa sukulu zitatu. Ulipo mkhalidwe winanso wa abambo ena amene fodya akagulidwa asowa pakhomo sabata ziwiri, nabwera ndi wailesi ndi nsapato, fizi nisiyidwa kwa mayi kuti aione ndi zitumbuwa. Amayi a m'nthambi adziwa amene tirikunena. Fizi ya chaka ipatulidwe tsiku lomwelo ndalama ya mbeu yalowa, isanagone m'nyumba. Magulu a banki m'khonde angathe kuthandiza pamenepa, akaika nthawi yao yogawana ndalama pafupi ndi kutsegulira kwa teremu ya Januwale, m'malo mwa sabata la Khrisimasi pamene ndalama isungunuka ngati mchere m'madzi. Ndipo kholo limene laona kuti silikwanitsa lipite lokha kwa mphunzitsi wamkulu teremu isanayambe, likapangane masiku olipira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga nthambi zichite chiyani? Alembi a nthambi adziwa sukulu zonse za anthu za m'dera lao. Pa msonkhano wotsatira funsani mamembala amene ali ndi ana kumeneko ngati sukuluyo iri ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ngati komitiyo inasankhidwa ndi makolo kapena inangolozedwa ndi mwini sukulu, ndiponso ngati inaonapo buku la ndalama. Kumene komiti kulibe, makolowo apemphe kuti ikhalepo. Kumene iripo koma igona, aidzutse. Posankha msungichuma wa komiti musayang'ane wovala tayi. M'mudzi uliwonse alimo mayi amene wasunga buku la banki m'khonde zaka zambiri popanda kusowetsa tambala. Ameneyo adziwa kuwerenga lisiti kuposa ambiri a ife, ndipo saopa kufunsa kawiri.

Koma chenjezo limodzi, abale. Popita ku sukulu mupite monga makolo. Mbendera ndi nsalu za msonkhano zitsale kunyumba, pakuti pa sukulu pali ana a anthu a maganizo onse, ndipo mwini sukulu akaona ngati mwadza kudzam'zinga atseka chitseko ndi buku lomwe. Pitani awiri kapena atatu, mutadziwitsa a mfumu, mum'patse ulemu wake, mum'thokoze pa chimene anamanga. Mupemphe kuona chikalata cha kulembetsa kwa sukulu ku Unduna, buku la malisiti, ndi dzina limene liri pa akaunti yolandirira fizi. Ndipo mupangane naye tsiku la msonkhano wa makolo lisanafike tsiku lotsegulira mu Seputembala, makamaka mu Juni kapena Julaye, chimanga chikali chotsika mtengo ndipo ndalama zikali m'manja mwa anthu.